Mng'ono wanga asiye gitala ndi nyimbo za kunyanja kuti akatchuke ku Lilongwe?

Funsoli lachokera kwa mayi wina wa ku Nkhotakota, ndipo ndalifupikitsa: "Ndimagulitsa mpunga pamsika wa paboma. Mng'ono wanga wa zaka 22 amapeka yekha nyimbo n'kumaimba ndi gitala. Anakulira m'kwaya. Nyimbo yake ina, yonena za amayi odikira amuna awo padoko usiku wa mwera, yamveka kangapo pawailesi ya kuno, ndipo anthu akutumizirana pa WhatsApp. Tsopano mnyamata wina wa situdiyo ku Lilongwe wamuitana. Akuti amujambula nyimbo zisanu mwaulere, koma asiye gitala ndi 'zachimidzimidzi', ayambe amapiano n'kumasakaniza ndi Chingerezi, poti n'zimene zikuyenda. Mwanayu akufuna ndimupatse ndalama ya ulendo ndi ya lendi ya miyezi itatu. Ndimupatse? Nyimboyo ndatumiza kuti mumve nokha."

Achemwali, mwachita bwino kutumiza nyimboyo. Ambiri amandifunsa za oimba amene sindinawamvepo, ndiye ndimangoyankha ngati sing'anga wochiza wodwala amene ali kutsidya kwa nyanja. Iyi ndaimvera kanayi.

Ndiyambe ndi ndalama, poti mpunga wanu ndi umene uli pachiswe. Ya ulendo mupatseni, yopitira ndi yobwererera. Ya lendi imangeni kaye pansonga ya chitenje. Gitala asasiye. Zifukwa zake n'zazitali, ndiye pezani pokhala.

Anajambula pafoni, zikuchita kumvekeratu. Chakumapeto kwa ndime yoyamba tambala akulira kuseri, ndipo nsambo yachinayi ndi yokhwepa pang'ono. Zimenezo zilibe kanthu. Chimene chinandichititsa kubwezera nyimboyo pambuyo ndi ichi: akafika pakolasi amasiya kuliza nsambo, n'kumangogogoda thupi la gitala ndi chala chachikulu. Kagogodedwe kake kakuyenda patatupatatu, monga mmene manja amagwera m'magule ambiri akwathu. Ndipo akaimba mzere umodzi amasiya mpata asanalowe mzere wina. Mpata umenewo si wopumira ayi. Ndi malo a ovomera. Mwanayu wakulira kumene nyimbo imakhala ya woyambitsa ndi ovomera, kuchioda, pamtondo, pamaliro, kukwaya, ndiye ngakhale ali yekha m'chipinda ndi foni, khutu lake likumvabe anthu akumuyankha. Ndikukayika ngati iye mwini akudziwa kuti akuchita zimenezi.

Chimenechi ndicho kaimbidwe ka munthu, ndipo n'chosiyana ndi chamba. (Ndikunena chamba cha nyimbo, achemwali. Ndikudziwa kuti kwanuko mawu amenewa amatchuka ndi zina.) Chamba ndi malaya: reggae, gospel, manganje, amapiano. Ungavale lero n'kuvula mawa. Kaimbidwe ndi kayendedwe kako, kamene anthu amakuzindikira nako uli patali nkhope isanaoneke, ngakhale utabwereka malaya a mnzako. Woimba wongoyamba kumene kawirikawiri amakhala ndi malaya ambiri, kayendedwe alibe. Mng'ono wanu ndi wotembenuza: malaya ndi amodzi, osasita, koma akuyenda kale mwakemwake.

Chachiwiri chimene ndamva n'chachikulu kuposa choyambachi. Mawu ake akukhala bwino m'nyimbo. Chichewa chili ndi kukwera ndi kutsika kwake tisanayambe n'komwe kuimba. Tanenani "mtengo" wa mango, kenako munene "mtengo" wa thumba la mpunga. Zilembo n'zomwezo, koma liwu lakwera mosiyana. "Khungu" la pathupi ndi "khungu" la maso n'chimodzimodzi. Komanso tikamamaliza chiganizo timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, n'chifukwa chake mukamudandaulira mnzanu mumati "sanabweere", "ali kunyaanja". Wopeka nyimbo wa khutu labwino amatsata njira imene mawu alambula kale, ndipo omvera amamva ngati akuwalankhula ngakhale akuwaimbira. Wopeka wothamanga amayamba ndi biti yogula, yopangidwa ndi munthu amene ankaganiza m'Chizulu kapena m'Chingerezi, n'kumakankhiramo Chichewa ngati akulonga chinangwa m'thumba lochepa: apa wathyola, apa wadula, apa watsindika pamene m'kulankhula sitingatsindike. Mwazimvapo pawailesi nyimbo zoti mpaka agogo kufunsa kuti kodi mwanayu akuimba chinenero chanji. Mwa mng'ono wanu sindinapezemo liwu lothyoka ngakhale limodzi. Luso limeneli palibe situdiyo imene ingamugulitse.

Ndiye pali mawu enieniwo. Akutchula siginala, msodzi uja amakopa nsomba ndi nyali, akutchula khoka la chilimira, akutchula nyali zimene zimandandalika panyanja usiku ngati tauni yoyandama, mpaka zitayamba kuzima imodziimodzi mwera utakula. Akutchula mayi amene foni yamuthera moto ali padoko, mwana ali kumsana. Mnyamata wa ku Lilongwe uja akamati zachimidzimidzi, akunena zimenezi. Ine ndikuti nyimbo yafika pa WhatsApp ya anthu chifukwa cha zimenezi. Kuyambira ku Chipoka, Senga Bay, Chia mpaka ku Dwangwa, palibe mudzi wa m'mphepete mwa nyanja umene sudziwa usiku woterowo. Anthu sakutumizirana chifukwa cha mawu okoma okha. Akudzimva okha mmenemo.

Amapiano sindiwanyoza. Paukwati ndimavina nanenso bondo likalola. Chamba chimenechi chinaphuka m'makomboni a ku Pretoria ndi Johannesburg m'zaka za m'ma 2010, ndipo mphamvu yake ili pa ng'oma ya pakompyuta ija amati log drum, imene imagunda m'chifuwa. Chimayenda panayipanayi, mosathamanga, kugunda cha m'ma 110 mpaka 115 pamphindi. Koma taonani amene ali mwini nyumba mmenemo: ndi wopanga biti. Woimba ndi mlendo, amaponya mawu ochepa obwerezabwereza kuti anthu avine asakuganiza zambiri. Chuma cha mng'ono wanu chili m'nkhani ya ndime zitatu. Mukaiika pa biti imeneyo, ndime ziwiri zifera panjira, kugogoda kwa patatu kuja kompyuta ikuwongola kukhala panayi, ndipo mpata wa ovomera udzaza ndi log drum. Chotsala ndi mtsikana wa mawu okoma. Atsikana a mawu okoma ku Lilongwe aliko ochuluka ngati usipa pathandala, ndipo ambiri a iwo amapiano anayamba kale, akumudziwanso aliyense woyenera kumudziwa. Iye akakalowa mpikisano umenewo ataika pansi chida chokhacho chimene anzakewo alibe.

Komatu mnyamatayo sakulakwitsa zonse. Gitala yokha sivinitsa anthu paukwati, ndipo DJ wa pa perekaniperekani safuna nyimbo yoliritsa anthu. Woimba wofuna kudya kuchokera ku luso lake amafunika nyimbo imodzi kapena ziwiri zodzutsa anthu pamipando. Funso ndi lakuti kuvinako akutenga kuti. Kwanuko muli ndi malipenga ndi mganda. Magule amenewa anachokera ku perete wa asilikali, anthu akutsanzira zimene anaona kwa amene anabwerako ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, n'chifukwa chake amayenda ngati akuguba. Phazi la mganda limagwa pawiripawiri, ndiye limagwirizana ndi makina a masiku ano popanda kulithyola. Wojambula nyimbo wanzeru akhoza kutenga ng'oma yaikulu ya mganda, kulira kwa mabadza, n'kuikapo besi yolemera ya makono pansi pake, ndipo anthu avina ku Area 25 monga momwe angavinire ku Benga. Kumeneko ndiye kubweretsa makina ku ng'oma. Zimene akufuna mnyamatayo ndi kupititsa mwana ku makina atavula zonse pakhomo.

Pali njira yachidule yomuyesera. Tsiku loyamba mu situdiyo, ngati atamuuza kuti "takhala apo, taimba monga umaimbira kwanu, ndimve", kenako n'kuyamba kumanga biti motsata liwiro lake, ameneyo ndi mmisiri. Ngati atangotsegula kompyuta n'kunena kuti "sankha pa mabiti awa", ameneyo akufuna mawu oti aphimbire katundu wake wakale.

Ndikulankhula ngati munthu amene anagwamo m'dzenjeli. Ndinayamba kuimba besi m'mabandi m'zaka za m'ma 1990, nthawi ya makaseti, reggae ya ku Balaka itagwira dziko lonse. A Paul Banda, a Lucius Banda ndi Alleluya Band anali ndi chawochawo, chochokera m'tchalitchi ndi m'zowawa za nthawi imeneyo. Enafe tinangoona minibasi yadzaza n'kuthamangira kukwera. Kiyibodi yomweyo, kagundidwe komweko, ngakhale kakokedwe ka mawu. Kwa chaka chimodzi kapena ziwiri tinkaoneka ngati tikuyenda. Lero funsani aliyense za nyimbo za nthawi imeneyo, akutchulirani eni ake. Otsanzirafe palibe akutikumbuka, ndipo sindingawadandaule. Ine ndinathera kuseri kwa makina okuzira mawu, kumene ndili mpaka pano.

Tsono onani amene anakakamira chawo. Madalitso Band ndi anthu awiri amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe, wina gitala ndi ng'oma ya kuphazi, wina babatoni wa nsambo imodzi wopanga okha. Mu 2017 anakaimba ku chisangalalo cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuzungulira m'maiko a ku Ulaya. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, kumpoto kwanuko, anadziwika kunja chifukwa cha babatoni yemweyo. A Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, anadzamveka dziko lonse lapansi pa TikTok atapitirira zaka 90, Patience Namadingo atakhala nawo pansi n'kuimba nawo nyimbo zawo zakale. Sindikunena kuti aliyense wogwira gitala adzakwera ndege. Ambiri sakwera. Ndipo amene amatchuka kunja nthawi zina kwawo kuno sawaitana n'komwe paukwati. Ndikungonena kuti mawu oti "zachimidzi sizigulika" ndi abodza, ndipo umboni ulipo wa mayina.

Tsopano ndimudzudzule mwanayu, poti kumuyamikira kokha ndi kumupha. Gitala yake ili pa makodi atatu, ndipo dzanja lamanzere likuchedwa posintha. Pa nyimbo imodzi sizioneka, koma akaimba zisanu motsatizana omvera ayamba kuona ngati ndi nyimbo imodzi yaitali. Aphunzire makodi ena, aphunzire kuliza nsambo imodziimodzi ndi zala, agule kapo kuti azisuntha kiyi mogwirizana ndi mawu ake. Akupumanso pakati pa liwu m'malo awiri, chizolowezi cha m'kwaya kumene anzako amakuphimba ukamapuma.

Chachikulu ndi ndime yachitatu. Ndime ziwiri zoyamba zikutionetsa zinthu: nyali, mchenga wozizira, mwana wogona kumsana, mayi wina akuwerenga maboti amene abwera n'kupeza kuti lasowa limodzi. Ndime yachitatu yasanduka ulaliki: tiyeni tonse tilimbe mtima, dziko ndi la mavuto, ndi zina zotero. Sindikukana pemphero m'nyimbo. Koma mayi woima padoko pakati pa usiku akupemphera kale, ndipo tonse tamumva. Woimba akayamba kutifotokozera tanthauzo, watichotsa padoko n'kutikhazika pabenchi. Ailembenso ndimeyo. Atiuze zimene zinachitika kutacha, kaya boti linabwera kaya ayi, kapena angotisiya tili chiimire pamchengapo. Oimba athu ambiri ochokera m'kwaya ali ndi matenda amenewa, amaopa kuti akapanda kupereka phunziro kumapeto ndiye kuti nyimbo sinathe.

Mumufunsenso kuti nyimbo zomaliza ali nazo zingati. Osati zoyamba n'kusiya m'kope, koma zoti akhoza kuimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza osayang'ana papepala. Ngati sizikufika khumi, ku Lilongwe akukakhala kuti azikatani? Munthu sungaitanidwe kukaimba ola lathunthu uli ndi nyimbo ziwiri.

Tibwere ku mawu aja oti "mwaulere", chifukwa pamenepa m'pamene ndikufuna mutchere khutu kwambiri. Bandi yathu ina inajambulidwapo mwaulere ndi mwini situdiyo wina amene sindimutchula. Chipinda chinali chomata mathireyi a mazira m'makoma, tinagona momwemo masiku anayi, tikudya mbatata ndi tiyi wopanda mkaka, tili osangalala ngati tapata mwayi wa moyo wonse. Sitinalembe kalikonse. Patapita miyezi, ndili pa Kamuzu Road ku Salima kudikira galimoto, ndinamva besi yanga ikutuluka m'sitolo ina. Ndinalowa n'kupempha kuona chikuto cha kasetiyo. Nyimbo zathu ziwiri zinali pakati pa nyimbo za anthu ena, dzina la bandi yathu palibe. Titapita kukafunsa, anatiyankha mwaulemu ndithu kuti situdiyo ndi yake, tepi ndi yake, magetsi analipira ndi iye, ndiye tikufuna chiyani. Tinabwerako manja ali m'khosi.

Chimene sitinkadziwa ndi ichi. Nyimbo yojambulidwa ili ndi umwini uwiri. Pali umwini wa nyimbo yeniyeniyo, kutanthauza mawu ndi maimbidwe ake, ndipo umenewu ndi wa wopeka. Pali umwini wa chojambulidwacho, chimene oimba amati master, ndipo kawirikawiri umapita kwa amene walipira kapena kukonza zojambulazo, pokhapokha mutagwirizana zina. Munthu akati akujambula mwaulere, nthawi zambiri ndiye kuti malipiro ake ndi master. Si kuba ayi, ngati zanenedwa poyera ndipo nonse mwavomera. Kuba kumayamba pamene sizinanenedwe. Komanso akaika biti yake pansi pa mawu a mwanayu, akhoza kunena kuti nayenso ndi wopeka nawo, ndipo pamenepo amakhala ndi gawo ngakhale pa umwini woyamba uja.

Ndiye asanaimbe liwu limodzi pa maikolofoni, pakhale pepala. Silifunika Chingerezi cha maloya. Linene mayina a nyimbozo, linene kuti wopeka ndani ndipo ngati agawana, aliyense gawo lake ndi lotani pa 100. Linene mwini wa master, kwa zaka zingati, ndiponso ngati mwanayu ali ndi ufulu wodzajambulanso nyimbo zomwezo kwina. Linene kuti apatsidwa mafayilo ake onse, osati kanyimbo komaliza kokha kotumiza pa WhatsApp. Asaine onse awiri, pakhale mboni, aliyense atenge lake. Mnyamatayo akakwiya ndi pepala n'kuyamba zoti "kodi simukundikhulupirira", mwapeza yankho lanu musanawononge ndalama ya lendi. Ndipo nyimbo ya mwera ija isakhale pa zisanuzo. Imeneyo ndi ng'ombe yake yaikazi. Ayesere mnyamatayo ndi nyimbo imodzi yatsopano, aone mmene atulukire.

Apitenso ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso limene linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe konko. Lamulo limene tikugwiritsa ntchito pano ndi la 2016. Nyimbo imakhala yake kuyambira pamene waipeka n'kuisunga, koma bungweli silingamutolerere ndalama munthu amene silikumudziwa. Limatolera ku mawailesi, ku malo azisangalalo, ndiponso pa zipangizo zosungira nyimbo zolowa m'dziko muno, n'kugawira mamembala. Akalembetse yekha, m'dzina lake, ndi nyimbo zake zonse. Ulendo womwewo wa ku situdiyo ukhoza kugwira ntchito ziwiri. Chimodzimodzi masamba ake a Facebook, YouTube, TikTok ndi Audiomack: atsegule yekha, ndi nambala yake, mawu achinsinsi asunge yekha. Ndaona oimba akusiyana ndi "manejala" n'kupeza kuti anthu onse owatsatira atsala m'thumba la manejalayo.

Za kumene ndalama zimachokera ndingonena mwachidule, kuti musamayembekezere mvula kumene kulibe mitambo. WhatsApp silipira. Anyamata owotcha nyimbo pamsika amamutchukitsa koma samupatsa kanthu. Spotify inafika kuno mu 2021, koma munthu mmodzi akamvera nyimbo kamodzi, woimba amalandira ndalama yosakwana n'komwe senti imodzi ya ku America, ndipo anthu athu ambiri bandulo yomvera nyimbo pa intaneti tsiku lonse alibe. Woimba wa ku Malawi amadya kuchokera pansanja: maukwati, zinkhoswe, malo ogona alendo, zochitika za mipingo, misonkhano ya mabungwe, malonda a makampani. Nyimbo yojambula ndi kalata yomuitanira kumeneko. Pa kanema aliyense amene akuponya aziikapo nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa alipo anthu a kwanuko okhala ku Johannesburg amene akamva za doko lakwawo dzanja limayabwa.

Poti ndalama ili pansanja, ndikuuzeni zimene ndinaona usiku wina ku Senga Bay ndikuyendetsa makina. Unali mwezi wa July, mwera ukuwomba mchenga mpaka kulowa m'mabatani a mikisa, mawu akuuluzika kupita kumudzi m'malo mofika kwa anthu. Panakwera mtsikana wina wovala bwino, nyimbo zake zili pafulashi, akungoimba pamwamba pake. Pakati pa nyimbo yachiwiri jenereta inatsokomola kawiri n'kuzima. Anaima chilili, maikolofoni ili m'manja, kenako anatsika akulira. Tili kalikiliki ndi jenereta mumdima, bambo wina amene amayenera kuimba pambuyo pake anakhala pamphepete pa nsanja miyendo ili lendelende, n'kuyamba kuliza gitala yake yopanda nthambo. Anthu anasendera pafupi kuti amve. Ena anayatsa matochi a mafoni. Atafika pakolasi anasiya mpata, ngati uja amasiya mng'ono wanuyu, ndipo anthu analowamo okha osauzidwa. Magetsi atabwera, ena anakuwa kuti tizimitsenso. Mtsikana uja sanali woipa mawu. Kungoti nyimbo zake zinali m'fulashi, pamene za bambowo zinali m'manja.

Ndiye chimene mnyamata wa situdiyo akuti asiye n'chimene chingamuimike pansanja pa malo alionse, magetsi alipo kaya palibe. Ndipo mwaiwala mwayi umene muli nawo: anthu a ku Lilongwe ndi amene amabwera kwanuko. Chisangalalo cha nyimbo cha Lake of Stars, chimene chinayamba mu 2004 ku Chintheche, chachitikapo ku Senga Bay, ndipo mu 2024 chinachitikira ku Nkhotakota komweko. Sand Music Festival, imene malemu Lucius Banda anayambitsa mu 2010, yachitika kangapo m'mphepete mwa nyanja ku Salima. Malo ogona alendo ali ndandanda kuyambira ku Senga Bay mpaka kwanuko, ndipo kumapeto kwa sabata ambiri amafuna munthu mmodzi wa gitala, wosafuna lole yonyamula zida. Okonza zisangalalo akamasankha oimba atsopano amafuna kuona kanema wa munthu akuimba pamaso pa anthu, osati wa mu situdiyo. Ajambulitse wotero, ngakhale pafoni, bola mawu amveke ndipo mphepo isawombe pa maikolofoni. Adziwiretu kuti ongoyamba kumene pa zisangalalo zazikuluzi salandira zambiri, ndiye aziwerengera thiransipoti ndi chakudya asanavomere.

Kuchokera ku Nkhotakota kudzera ku Salima kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 200. Ndi ulendo wa tsiku limodzi. Akhoza kupita, kujambula, kugona kwa wachibale, n'kubwerera. Tsiku lina adzafunikadi kusamuka, ndipo chizindikiro chake n'chosavuta: pamene maulendo a ku Lilongwe omuitana ndi kumulipira achuluka mwakuti thiransipoti ikudya kuposa lendi. Ngati ali ndi mtima wofuna sukulu, ku Area 23 kuli Music Crossroads, kumene achinyamata amaphunzira zida ndi kuwerenga nyimbo. Kupitira zimenezo n'kwanzeru kuposa kupita kukakhala pabenchi la situdiyo kudikira kuti bwana apeze nthawi.

Pali nkhani ina imene tiyenera kukambirana ngati akuluakulu. Ndi mtsikana wa zaka 22, akupita kwa mwamuna amene akumulonjeza zaulere, mu mzinda umene alibe pogona pakepake. Sindikumuweruza mnyamatayo, sindikumudziwa. Koma pa zaka zimene ndakhala m'ntchitoyi ndaona atsikana aluso akusiya kuimba osati chifukwa mawu anatha, koma chifukwa ngongole ya "ulere" inadzalipitsidwa m'njira ina. Ulendo woyamba mupite naye, kapena apite ndi mlongo wake kaya msuweni. Azijambula masana. Asagone ku situdiyo. Ndalama yobwerera ikhale m'foni mwake, osati m'lonjezo la munthu. Ndipo ngati mungathe, mulipireko kenakake pa nyimbo yoyambayo, ngakhale theka, n'kulandira risiti. Amene walipira amalankhula ataimirira.

Za Chingerezi sindichedwapo. Ngati mzere wabwera wokha m'Chingerezi pamene akupeka, aulole, ndi mmene achinyamata akulankhulira. Koma asamasulire siginala kuti asangalatse munthu amene sanaonepo nyali za panyanja. Nyimbo za ku Congo tavina zaka zonsezi Chilingala tisakuchimva.

Mukamuuza zimenezi mwina akwiya, aona ngati mukumutsekera chitseko. Musamuuze kuti ayi. Muuzeni kuti apite kukajambula nyimbo imodzi, ndi pepala, inu muli pomwepo, n'kudzera ku COSOMA pobwerera. Ndalama ya lendi ija, ngati mukufunadi kuiika pa luso lake, gawo lina mulipire tsiku limodzi mu situdiyo ina iliyonse yabwino kuti nyimbo ya mwera ijambulidwe mwaukhondo, master ikhale yake. Atenge amayi atatu kapena anayi a kuchioda kapena a kukwaya kwawo akalowe m'mipata ija, manja awombe enieni, osati a pakompyuta. Gawo lotsala mumugulire nsambo zatsopano, paketi yonse, chifukwa yachinayi ija yatha ndipo zinzake sizichedwa. Akailembanso ndime yachitatu, munditumizire. Ndikufuna ndidziwe ngati boti lija linabwera.